Botolo la Amake Lovejoy

Lolemba, 15 Seputembala 2008

Andigoneka. Wodi ya amuna, bedi 9, pafupi ndi zenera losatsekeka. Pakhadi alemba kuti Alufandika K., zaka 63. K ameneyo ndi Kingston, koma kuno aliyense akungonditchula sekuru, agogo m'Chishona.

Kope ili wandipatsa ndi Chenai, mwana wanga wotsiriza. Akuti ndizilemba zimene adokotala anena, chifukwa ndikamadzamufotokozera ndimakhala nditaiwala theka. Ndizilemba m'Chichewa. Iye amachimva, koma kuwerenga amachita kudodoma, ndiye ndizimuwerengera zomwe ndasankha.

Chandibweretsa ndi magazi. Kuyambira Lachisanu mkodzo unali ngati madzi otsukira nyama, ndipo dzulo unatsekeratu. Andilowetsa kapaipi, atsuka m'chikhodzodzo, zatuluka zoundana zakuda. Ndapepukidwa. Pawailesi ya munthu wa pakona akuti akuluakulu a zipani asainirana mgwirizano wogawana boma lero. Palibe wadzuka pabedi kuti amvetsere.

Lachitatu, 17 Seputembala

Dokotala wanga ndi mnyamata wowonda, Shingirai, msinkhu wa mwana wanga Lovejoy. Amalankhula Chishona chofatsa. Wakhala pamphepete pa bedi n'kujambula chikhodzodzo papepala.

Wati ndi khansa, monga anandiuzira mu Ogasiti. Yalowa mu mnofu wa chikhodzodzo koma sakuiona kwina. Kenako wafunsa ngati ndinagwirapo ntchito m'madzi. Ndaseka. Zaka 28 ndinali wothirira fodya ku famu ya ku Banket, m'ngalande mpaka m'mawondo, m'damu mpaka m'chiuno pokonza pampu. Tonse kumeneko tinkakodza magazi nthawi zina, osaona chachilendo. Wati ndi likodzo limenelo, likakhalitsa limasiya mabala amene amadzasanduka zimenezi.

Njira yabwino ikadakhala kuchotsa chikhodzodzo chonse, koma kopangira opaleshoni kulibe zipangizo, ndipo magazi oonjezera kulibenso. Ndiye andiwotcha ndi makina. Ka 30, kamodzi patsiku, Lolemba mpaka Lachisanu. Wati andisunga m'wodi chifukwa cha kutaya magaziku, komanso akudziwa kuti kukwera kombi, maminibasi a kuno, tsiku lililonse kuchoka kwathu ku Budiriro sindingathe.

Lachisanu, 19 Seputembala

Chakudya cha kuno: phala lopanda shuga m'mawa, kabichi wowiritsa masana. Madzulo ndi mwayi.

Mkazi wanga Melina, amake Lovejoy, abwera ndi mbatata ziwiri ndi mahewu. Asiya tebulo lawo la tomato m'manja mwa mnansi. Anyamuka kukadali mdima, theka la njira wapansi. Ndawauza kuti asamabwere tsiku lililonse. Ati, "Ndiye mudya chiyani, kabichi wa madziyu?"

Pabedi 10 pali a Lourenço a ku Lochinvar, kwawo ku Tete, anali wophika ku njanji. Khansa yawo ili m'matumbo a kumunsi. Atamva tikulankhula anatembenuka. "Achimwene, ndinu a kwathu? Ndatha milungu itatu ndikubuula m'Chishona." Tagawana mbatata.

Lachitatu, 24 Seputembala

Anditengera kumakina kukandiyeza. Ndi pansi, kumapeto kwa likole lalitali. Woyendetsa makina ndi mtsikana wotchedwa Iris. Wandigoneka pathebulo louma, wandijambula mizere itatu ndi inki yofiirira, wina pansi pa mchombo, iwiri m'mbali mwa chiuno.

Malamulo ake ndawalemba monga wanenera. Mizere isafufutike. Pamalopo pasapite sopo, mafuta odzola, kapena chilichonse chotentha. Ndisakande. Akadzachotsa kapaipi ndizikodza kaye ndisanalowe, chikhodzodzo chizikhala chopanda kanthu. Ndizimwa madzi ambiri.

Madzi ambiriwo ndi amene avuta. Mpopi wa m'wodi wauma kuyambira Lolemba.

Lolemba, 29 Seputembala

Koyamba.

Anthu kuno amati kupiswa, kuwotchedwa, ndiye ndimayembekezera moto. Palibe moto. Iris wandiwongola mpaka mizere yanga yakumana ndi kuwala kofiira, watuluka, watseka chitseko chokhuthala ngati cha sefa yosungira ndalama. Makina alira ngati firiji yakale, azungulira, aima, azunguliranso. Sindinamve kalikonse. Mphindi khumi ndinali kunja.

Ndauza a Lourenço kuti mwina makinawo sanayake. Ati, "Dikirani sabata ziwiri, achimwene. Mudzawamva."

Lachitatu, 1 Okutobala

Magetsi kulibe. Takhala pabenchi anthu 14 kuyambira m'mawa mpaka 2 koloko. Iris watuluka wati tibwerere. Ndikadali pa 2.

Lachisanu, 3 Okutobala

4. Achotsa kapaipi. Ndikukodza ndekha, kukuwawa, koma magazi achepa.

Lolemba, 6 Okutobala

5. Chenai wabwera ndi foni. Lovejoy waimba kuchokera ku Joni, kumene akugwira ntchito m'dimba kwa mzungu wina dokotala. Mawu amadukaduka. Wati wawauza abwana ake za matenda anga, ndipo iwo ati ku Ulaya kuli zipatala zina zimene zimaphatikiza makinawa ndi kutentha, khansa ya m'chikhodzodzo imamva bwino akatero. "Mufunse, ababa. Musachite manyazi. Mufunse ngati angakuchiteni zimenezo."

Ndati ndifunsa. Ndimafuna kumufunsa ngati akudya bwino koma foni yaduka.

Lachinayi, 9 Okutobala

8. Ndafunsa. Amake Lovejoy analipo, atakhala pansi pafupi ndi bedi akusenda malalanje.

Dokotala Shingirai anandiyang'ana kanthawi, kenako anakoka mpando. Wati ndi zoona. Anaziona ndi maso ake ku Holland, atapita kukaphunzira miyezi itatu. Munthu akatuluka kumakina monga athuwa, amamutengera kuchipinda china. Amamugoneka, namukulunga m'chiuno ndi thumba la madzi, ndipo makina ena amatumiza mphamvu yake m'kati mwenimweni, kutenthetsa chotupacho mpaka madigiri 41 kapena 42, monga thupi la munthu wa malungo oopsa. Ola lathunthu, kamodzi pasabata. Amalowetsa timawaya toyezera m'chikhodzodzo kuti pasapse.

Ndafunsa kuti kutenthako kumachita chiyani. Wati pakati pa chotupa magazi safikapo bwino, ndipo pamene magazi safika makina athuwa saluma kwenikweni. Kutentha kumatsegula njira za magazi. Komanso khansa ikavulazidwa ndi makina imayesa kudzikonza, kutenthako n'kuilepheretsa. Wati mwa anthu amene anawachita zonse ziwiri, ambiri chotupa chinafota kusiyana ndi amene anangowotchedwa.

"Nanga kuno?"

Waseka, koma osati kuseka kokondwa. "Sekuru, kuno ngakhale ketulo ya manesi inapsa mu Juni."

Atapita, amake Lovejoy anamaliza kusenda lalanje. Kenako anati, "Ndiye kuti chimene chikusowa ndi kutentha basi?" Ndinatseka maso. Ndinali nditatopa.

Loweruka, 11 Okutobala

9 dzulo. Ndayamba kuwamva makina aja. Ndikupita kuchimbudzi mphindi makumi awiri zilizonse, kumatuluka timadontho totentha ngati tsabola. M'mimba mwatseguka. Dokotala wati ndi mmene zimakhalira, matumbo ali pafupi ndi chikhodzodzo, nawonso amalandirako.

Zimbudzi zilibe madzi. Achibale akutunga ndi zidebe ku thanki ya kuseri.

Lachiwiri, 14 Okutobala

11. Thupi lonse lalemera. Kope ili likulemera.

Lachitatu, 15 Okutobala

12. Amake Lovejoy abwera ndi chikwama chachikulu. Atakoka katani anatulutsa fulasiki ndi botolo la mphira la madzi otentha, lija azungu amagona nalo nyengo yozizira. Abwereka kwa mai Nomatter a kutchalitchi kwathu. Madzi awiritsa pankhuni asananyamuke.

Ndinati Iris analetsa chotentha. Iwo anati, "Iris ndi dokotala? Dokotala ananena yekha, ine ndili pano, kuti kutentha kumathandiza. Azungu ali ndi makina awo. Ife tili ndi ichi."

Ndilembe zoona. Sindinakane kwenikweni. Ndinaganiza kuti ngati kuli anthu amene akuchira chifukwa cha kutentha, bwanji ineyo ndisapateko pang'ono. Analikulunga m'chitenje n'kuliika pansi pa mchombo. Linandikomera. Ululu wa m'munsi unagona, ndipo ndinapumula ola lonse osathamangira kuchimbudzi.

A Lourenço anasuzumira pakatani. "Mukuphika chiyani mmenemo?" Titawauza anati akamaliza ndi ine awabwereke.

Lachisanu, 17 Okutobala

Makina afa kuyambira dzulo. Akuti kachitsulo kena kapsa, wokonza akuchokera kutali. Ndikadali pa 12.

Botolo lero ndi dzulo. Ndawauza amake Lovejoy kuti achotse chitenje chimodzi, kutentha kulowe bwino.

Lolemba, 20 Okutobala

Makina adzuka. 13. Iris wati khungu lafiira kuposa mmene amayembekezera, wafunsa ngati ndikukanda. Ndati ayi. Sananditsutse.

Manesi achepa. Lero m'wodi monse munali mmodzi yekha, sisita Vimbai. Anafika 10 koloko, nsapato zili mbuu, wayenda wapansi kuchokera kwawo. Wati anzake ena apita ku Botswana, ena angokhala kunyumba chifukwa malipiro a mwezi sakwana kombi ya masiku awiri.

Lachinayi, 23 Okutobala

16. A Lourenço afooka. Sakudyanso. Mwana wawo Lidia anabweretsa tiyi wa mandimu, anangonyowetsa milomo. Masana anandiitana nandifotokozera mmene ankaphikira nkhuku ya tsabola ndi kokonati kwa akuluakulu a njanji, chinthu chimodzi chimodzi, mpaka mchere wake. Anati ndilembe m'kope. Ndinati ndilemba. Sindinalembe, dzanja linali lolefuka, ndipo tsopano ndaiwala zina.

Loweruka, 25 Okutobala

17 dzulo.

Ndapsa. Amake Lovejoy anaika botolo masana ano, madzi ake anali atsopano chifukwa anawiritsa kwa mlonda wa pageti. Anatuluka kukatunga madzi kuthanki, mzere unali wautali. Ine ndinagona tulo. Podzuka chitenje chinali chitasuntha, mphira ili pakhungu. Pali matuza atatu, limodzi lalikulu ngati dzira, laphulika. Mzere wa inki wapakati wapita nalo.

Sanalire. Anangoima ndi chidebe m'manja.

Lolemba, 27 Okutobala

Iris atatsegula nsalu anapuma mwamphamvu n'kukaitana dokotala. Ndinaulula zonse.

Dokotala Shingirai sanakalipe. Anagwira mutu wake ndi manja awiri. Wati botolo limatenthetsa khungu lokha, chikhodzodzo chili m'kati, kutentha kwake sikungafikeko ngakhale titaliika tsiku lonse. Ndipo khungu limene likulandira makina ndi lofooka, limapsa msanga, limachedwa kupola. Wati cholakwa china ndi chake, anafotokoza zinthu zimene sangatipatse. Sangandiwotche pachilonda chotseguka. Ndipume sabata yonse, mwina kupitirira. Ndafunsa ngati kupumako kuli ndi vuto. Wati khansa sipuma.

Amake Lovejoy anafika masana ndi maungu ophika. Ndinawalankhula zoipa, anthu onse akumva. Ndinati, "Mwandipha ndinu. Munthu wosapita kusukulu kufuna kuposa madokotala. Sabata yathunthu yatayika chifukwa cha inu."

Anati, "Munati ndichotse chitenje ndinu, abambo."

Ndinati atuluke.

Anaika mbale pakabati, anatenga botolo ndi fulasiki, anamanga m'chikwama bwinobwino, napita. Zaka 39 tili limodzi sindinawathamangitsepo.

A Lourenço ananena ndi mawu otsika, osatsegula maso, "Achimwene, pamenepo mwalakwa." Ndinatembenukira kukhoma.

Lachitatu, 29 Okutobala

Palibe makina. Sisita Vimbai watsuka chilonda ndi madzi a mchere. Bandeji wagula ndi Chenai, wazungulira mafamase anayi.

Amake Lovejoy abwera, apereka moni, asiya chakudya, atenga zovala zakuda, apita. Mawu awo onse sanakwane khumi. Ndinafuna kunena kanthu koma pabedi 8 panali alendo ambiri.

Lachisanu, 31 Okutobala

A Lourenço amwalira cha m'ma 3 masana. Lidia anali atapita kukafuna galimoto yoti awatengere kunyumba. Ndinaona kuti bulangeti lasiya kukwera ndi kutsika. Ndinaitana sisita, panalibe. Ndinatsika ndekha n'kukawatseka maso. Anakhala pomwepo mpaka dzuwa kupendeka, wonyamula kunalibe.

Lidia atabwera anandifunsa ngati ananena kanthu. Ndinati anagona chabe. Ndi zoona.

Lamulungu, 2 Novembala

Chenai akuti ku Budiriro kwabuka kolera. Mumsewu mwathu yagwira anthu atatu, mwana wa mai Nomatter ndi mmodzi. Zimbudzi zaphulika, zonyansa zikuyenda m'ngalande mpaka kuzitsime zimene anthu anakumba m'mayadi. Mipopi inauma mu Ogasiti. Ndamuuza kuti aziwiritsa madzi. Wati, "Ndi nkhuni ziti, baba? Zonse amayi ankawiritsira madzi anu." Ananena mosaganiza, kenako anagwira pakamwa.

Lolemba, 3 Novembala

Chilonda chauma pamwamba. Iris wajambulanso mzere. 18.

Wodi yatsala ndi anthu 7. Ena achibale awatenga, akuti kuli bwino akafere kunyumba kusiyana ndi kuno kopanda mankhwala.

Lachinayi, 6 Novembala

Dzulo magetsi kunalibe. Lero 20. M'mimba mwatsegukanso, kasanu. Mnzanga wa pabedi 8 wakokera bedi lake kutali, akuti mkazi wanga wandibweretsera kolera ya ku Budiriro. Dokotala wamuuza kuti ndi makina. Sanabwezeretse bedi.

Loweruka, 8 Novembala

21 dzulo.

Amake Lovejoy abwera ndi masuku, oyamba a chaka chino. Awonda. Anakhala pampando, osati pansi pafupi ndi bedi monga kale. Anafunsa za chilonda, ndinawaonetsa. Anayang'anitsitsa nati, "Chikupola." Ndinati inde.

Ndinali nditakonza mawu kuyambira m'mawa. Atafika pakhosi ndinayamba kufunsa za tomato. Anati tomato kulibe, akugulitsa nkhuni. Anapita 3 koloko kuti apeze kombi.

Lachiwiri, 11 Novembala

23. Wabwera ndi Chenai yekha. Akuti amayi ake mutu ukuwapweteka. Ndikudziwa mutu wake. Ndi mawu anga aja.

Lachitatu, 12 Novembala

24. Iris anali yekha pansi ponse, wolemba maina kulibe, wosesa kulibe. Ponditsitsa pathebulo anati, "Sekuru, mawa sindikudziwa."

Lachinayi, 13 Novembala

Chitseko cha kumakina chokhoma. Tinadikira anthu 9 mpaka masana. Palibe anabwera.

Kukhitchini sanaphike. Chenai sanabwere. Ndadya masuku otsala.

Ndakhala ndikuwerengera. Botolo linandidyera masiku asanu. Pakadapanda ilo ndikadafika 29. Magetsi ndi kufa kwa makina zinadya anayi, koma amenewo sindinatukwane munthu.

Lachisanu, 14 Novembala

Dokotala Shingirai wabwera wopanda jasi loyera. Wati chipatala chikutseka mawodi, manesi ndi madokotala aima ntchito, kulibe chogwirira. Wandilembera kalata: ndalandira 24 mwa 30, ndidzabwere mu Januwale ngati makina adzakhale akuyenda. Ndafunsa ngati 24 ikwanira. Wati, "Ndi yochepa pa imene ndimafuna. Koma si yopanda pake. Magazi aima, si choncho?" Ndati aima. Wandigwira dzanja nthawi yaitali. Sindinafunse ngati mu Januwale ndidzamupeza.

Chenai anafika madzulo, maso otupa. Ndisanamuuze zanga anagwada pambali pa bedi. Amayi ake si mutu. Anayamba kutsegula ndi kusanza Lolemba, pofika Lachiwiri m'mawa samatha kuima. Anawanyamula pa wilibala kupita kumatenti a kolera ku kiliniki ya kwathu. Ali komweko. Iwo anamulumbiritsa kuti asandiuze mpaka nditamaliza makina, kuti ndingathawe m'chipatala.

Ndinafunsa ngati ali moyo. Anati m'mawa anali moyo.

Ndinamuuza kuti amange katundu. Anati kwada, kombi zatha. Tinyamuka mawa.

Loweruka, 15 Novembala

Ndikulemba ndili kunyumba, nditakhala pabedi pathu.

Kombi ziwiri, pakati pake ndinakhala pansi m'mphepete mwa msewu kawiri. Sitinalowe m'nyumba, tinalunjika kukiliniki. Fungo la mankhwala ophera tizilombo limakulandira ukadali patali. Anthu ambiri ataima kumpanda, ena akulira, ena angogwira waya. Pageti mwamuna wa magolovesi amapopera mapazi a aliyense wotuluka. Wati achibale salowa. Ndinati ndachokera kuchipatala, mkazi wanga sindinamuone sabata yathunthu. Anati aliyense pano ali ndi nkhani yake, sekuru.

Chenai anapita kuseri kwa mpanda kumene amaperekera chakudya, nalankhula ndi nesi wina amene anamuzolowera. Tinadikira. Kenako nsalu ya tenti yachitatu inatseguka, nesi uja anatuluka atagwira munthu m'khwapa, dzanja lina atanyamula thumba la diripu. Sindinawazindikire msanga. Maso alowa m'kati, masaya agwa, mpango ulibe, imvi zonse poyera. Anawakhazika pabenchi, mapazi ngati khumi ndi asanu kuchoka pawaya.

Mawu awo anali osasa, ndinachita kutchera khutu.

"Mwatuluka bwanji?"

"Anditulutsa."

"Mwamaliza?"

Chenai anali pambali panga. Ndinamva akundiyang'ana.

"Ndamaliza."

"Onse makumi atatu?"

"Onse."

Anatseka maso. Ndinaganiza kuti akomoka, koma anatsegulanso.

"Ndiye botolo lija silinaononge?"

Ndinagwira waya ndi manja awiri. Ndinafuula, chifukwa panali phokoso ndipo ndimafuna amve liwu lililonse. "Silinaononge kanthu, amake Lovejoy. Wolakwa ndinali ine. Ndinakulankhulani zopanda mutu tsiku lija. Mundikhululukire."

Anthu a pampanda anatembenuka. Mayi wina anati m'Chishona, "Nhai sekuru," n'kuyamba kulira zake.

Iwo anangokweza dzanja pang'ono, lija lopanda diripu, monga amachitira pothamangitsa nkhuku pakhonde. Anati, "Pitani mukagone, mwaima nthawi yaitali. Chenai, madzi a abambo ako uwiritse." Nesi anawalowetsa.

Panjira Chenai anati, "Baba, mwanama." Ndinati inde. Anati nanga mu Januwale mudzati mukupita kuti. Ndinati ndidzati akukandiona chabe. Titafika pakona ya msewu wathu anati kalata ya dokotala asunga ndi iye.

Lachiwiri, 18 Novembala

Amake Lovejoy atuluka. Anayenda okha kuchoka pageti mpaka pa wilibala, kenako anavomera kukwera. Akumwa madzi a mchere ndi shuga, ndi phala lamadzimadzi. Mwana wa mai Nomatter anaikidwa dzulo.

Tagona masana onse, iwo kukhoma, ine kumphepete. Nyumba yonse chete. Chenai ali pamzere kumjigo kuyambira m'mawa.

Lamulungu, 23 Novembala

Amayi a chigwirizano a kutchalitchi anabwera asanu kudzationa atatuluka m'mapemphero. Anakhala pamkeka pabalaza. Amake Lovejoy anavala mpango wawo woyera, nakhala motsamira khoma. Anawauza kuti Mulungu wachita zazikulu m'nyumba muno, iwo wawabweza kumatenti, ine wandipyoletsa makina onse makumi atatu osaphonya. Amayiwo anaomba m'manja, nayamba nyimbo yoyamika. Chenai anatuluka panja.

Inenso ndinaimba nawo, mawu anga a besi akadalipo pang'ono.

M'mawa uno mkodzo unali ndi kamtundu kofiira. Pang'ono chabe. Ndinakataya chitini chokodzeramo iwo asanadzuke, ndinachitsuka ndi madzi ochepa amene analipo.